Atsikana anga akusiya masewera mmodzimmodzi, chikuchitika n'chiyani m'mitima mwawo?

Madamu Chikondi

Moni nonse apagulu. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Ndimaphunzitsa atsikana mpira wa ntchemberembaye, ndipo chino ndi chaka chachisanu ndili ndi gulu lomweli. Ndinawatenga ali ndi zaka 11 ndi 12, analipo 24. Masiku amenewo ndinkachita kuwathamangitsa pabwalo dzuwa litalowa, iwo akupempha kuti tiwonjezereko mphindi zisanu. Lero ali ndi zaka 15 ndi 16, ndipo amene amabwera mosajomba ndi 9 okha.

Chondipweteka n'chakuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzatsanzika. Amayamba ndi kujomba Lachiwiri, kenaka sabata yonse, kenaka ukakumana naye akuyang'ana kumbali. Ukamufunsa, yankho ndi lomwelomwelo: "Ndatanganidwa, Madamu." Mwezi uno wasiya mtsikana amene ndinkamudalira pakati pa bwalo, mwana woti mpira unkamumvera. Mpira tili nawo, bwalo lilipo, makolo ake sanamuletse. Ndiye kuti nkhani ili mumtima. Amayi, asisi, inu amene munasewerapo n'kusiya, ndi inu amene mukusewerabe mpaka pano, chinakuchotsani n'chiyani? Chakusungani n'chiyani?

Alinafe

Madamu, mawu akuti "ndatanganidwa" amenewo ndinawanenapo ndili ndi zaka 15. Sindinatanganidwe ndi kanthu. Ndinkapita kunyumba n'kukhala phee, ndikumva wezulo ikulira kubwalo, mtima ukuwawa. Chifukwa chenichenicho sindikanatha kuchitchula kwa munthu wamkulu.

Kochi Mabvuto

Pepani Madamu, koma ine ndikuona ngati mukudzipweteka mtima pachabe. Ndaphunzitsa anyamata ndi atsikana omwe kwa zaka 18. Masewera ali ngati sefa. Ana amabwera ambiri chifukwa akufuna kucheza ndi anzawo, koma zikafika poti uthamange m'mamawa, ubwereze chinthu chimodzi kakhumi, uluze lero n'kubweranso mawa, amatsala okhawo amene ali ndi mtima wake. Anyamatanso amasiya. Gwirani 9 anuwo muwapange timu yoopsa. Osalimbana ndi munthu amene safuna.

Nachisale

A Kochi, ndimvereni kaye. Ine ndine mmodzi wa amene sefa yanuyo inawataya, ndipo mtima wake ndinali nawo. Ndinkathamanga mamita 400. Ndili ndi zaka 13 atsikana onse pasukulu pathu ankangondiona msana. Ndikamathamanga sindinkadziwa n'komwe kuti ndili ndi thupi, ndinkangomva mphepo m'makutu ndi mapazi akugunda pansi.

Chaka chotsatira thupi linasintha. Mabere anabwera, chiuno chinakula, ndipo panalibe wondiuza kuti pali bra yopangidwira masewera, kapena kuti thupi likamakula liwiro limatha kutsika kwa kanthawi kenaka n'kubwerera. Tsiku lina pampikisano, ndikukhota pakona, anyamata amene anaima m'mbali anafuula mawu okhudza chifuwa changa, gulu lonse n'kuseka. Ndinamaliza wachiwiri. Aphunzitsi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Wayamba kulemera iwe." Sananene mwankhanza ayi, mwina ankaona ngati akundithandiza.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka anthu awiri. Wina akuthamanga, wina waima kunja kwa bwalo akumuyang'anitsitsa wothamangayo: malaya akwera kodi? Zikugwedezeka kodi? Nanga nkhope ikuoneka bwanji ndikatopa? Ndinayamba kuthamanga nditapinda mapewa, dzanja lina likukoka malaya. Munthu sungathamange chotero. Liwiro linatha, ndipo kutha kwakeko kunanditsimikizira kuti aphunzitsi aja ananena zoona. Pofika zaka 15 ndinali nditasiya. Nsapato zothamangira ndinadzazivalanso ndili ndi zaka 38. Zaka 23 zimenezo, a Kochi, ndipo panalibe tsiku limene ndinasiya kukonda kuthamanga.

Alinafe

Asisi, mwanena chimene ine ndinalephera kunena. Anthu awiri. Ndi momwemo ndendende.

Tiyamike

Amayi Nachisale, zimene mwafotokozazi akatswiri a zamaganizo anazilembapo. Mu 1997, Barbara Fredrickson ndi Tomi-Ann Roberts anafotokoza kuti mtsikana akamakula pakati pa anthu amene amangoyang'ana maonekedwe ake, amafika poyamba kudziona ndi maso a anthu enawo. Maganizo a munthu ali ndi malire. Gawo limene likulondera malaya ndi chiuno ndi lomwelo limene limafunika kuona kumene mpira ukupita. Ndiye amasewera moperewera, amadziona kuti sakutha, chisangalalo n'kuuma.

A Kochi akunena zoona kuti anyamatanso amasiya, koma kusiyana kulipo. Mu 2019 bungwe la WHO linatulutsa kafukufuku wa ana asukulu 1.6 miliyoni a zaka 11 mpaka 17 m'maiko 146. Atsikana 85 mwa 100 alionse sankafika pa ola limodzi patsiku lolimbitsa thupi, pamene anyamata anali 78. Ndipo ku England, bungwe la Sport England lisanayambitse kampeni ya This Girl Can mu 2015, linafufuza chimene chimagwira amayi miyendo. Chimene chinkabwerabwera chinali kuopa kuweruzidwa: pa maonekedwe, pa luso, ndiponso pa kutenga nthawi yochitira zawozawo m'malo mosamalira ena. Ambiri mwa amayiwo ankafuna kusewera ndithu.

Kochi Mabvuto

Mnyamata akaphonya chigoli bwalo lonse limamukuwiza, mawa amabweranso. Bwanji mtsikana?

Nachisale

Mnyamata amamukuwiza chifukwa cha chigoli. Chigoli angachikonze mawa pa training. Ine anandikuwiza chifukwa cha chifuwa. Ndikanachikonza bwanji?

Mayi Nabanda

Ana anga, ndiloleni ndionjezepo, ndine wamkulu pang'ono pano ndipo ntchito yanga ndi yaunamwino. Pali nkhani ina imene timaizungulira, ya msambo. Mtsikana wa zaka 14 amene ali kumwezi, wavala kasiketi kowala, ndipo akuuzidwa kuti adumphe pamaso pa anthu, maganizo ake onse ali kumbuyo kwa siketiyo. Ena amamva kupweteka m'mimba koma sangauze kochi wamwamuna, ngakhale wamkazi amene. Amangojomba masiku atatu. Akabwera akukalipiridwa kuti ndi waulesi, mwezi wamawa ajombanso, ndipo posakhalitsa dzina la ulesilo lamukakamira.

Musaganize kuti ndi mantha a ana okha. Akatswiri amene amasewera tenesi pa mpikisano wa Wimbledon, kumene lamulo ndi kuvala zoyera zokhazokha, anadandaula mpaka mu 2023 analoledwa kuvala kabudula wamkati wakuda. Chaka chomwecho timu ya mpira wamiyendo ya amayi ya England inasiya makabudula oyera n'kutenga abuluu, osewera atapempha pa chifukwa chomwechi. Mu 2021 atsikana a Norway a mpira wamanja wa pamchenga analipitsidwa mayuro 1,500 chifukwa chovala makabudula m'malo mwa kabikini, dziko linayankhula, lamulolo n'kusinthidwa. Pa Olympics ya ku Tokyo atsikana a gymnastics a Germany anavala zofika m'mapazi. Nouhaila Benzina wa Morocco anasewera World Cup ya 2023 atavala hijab, chinthu chimene FIFA inali italoleza mu 2014.

Onani kuti ena ankafuna zazitali, ena zakuda, ena zophimba mutu. Sankapempha chovala chimodzi. Onse ankapempha kuti asankhe okha chimene thupi lawo livale. Ngati mayi wodziwika dziko lonse amasokonezeka ndi kabudula woyera, kuli bwanji mwana amene wangoyamba kumene kusamba?

Madamu Chikondi

Amayi, mwandigwira pakhosi. Yunifomu yathu ndi kasiketi kafupi kachikasu. Ndinasankha ndine ali ndi zaka 11, ndipo mpaka lero sindinawafunsepo ngati akadali omasuka nako.

Lusungu

Ine ndili ndi zaka 19, ndimasewera mpira wamiyendo kumbuyo, ndipo ndikusewerabe. Koma ndinatsala pang'ono kusiya kawiri. Koyamba sinali nkhani ya thupi. Tinali ndi kochi amene ukalakwitsa ankaimitsa masewero onse, n'kutchula dzina lako, n'kufunsa anzako kuti, "Mwaona zimene wachitazi?" Kenaka benchi. Ndinafika poti mpira ukamabwera ndinkapemphera kuti upite kwa wina. Ndinaphunzira kubisala kumbuyo kwa wosewera wa timu ina kuti asandipatsire. Tangoganizani, munthu wabwera yekha kudzasewera mpira koma akuuthawa.

Chimene chinandisunga ndi mnzanga wa pagolo. Ndikajomba ankabwera madzulo n'kundifunsa kuti, "Nanga lero? Kumbuyo kunali pululu." Sankandinyengerera, ankangondiuza kuti malo anga anaoneka kuti palibe munthu. Zimenezo zokha.

Kachiwiri ndi pamene ndinavulala bondo. Linapola, adokotala anati ndili bwino, koma mutu sunapole. Ndikafuna kukhota mwachangu mwendo unkakana wokha. Miyezi imene ndinali kunja palibe wa ku timu amene anandiimbira kupatula mnzanga uja, ndipo ndinayamba kudzifunsa kuti ngati sindine wosewera ndiye ndine ndani. Kochi watsopano ndi amene anandibweza. Anandiyambitsa ndi mphindi 10 zokha, osandifunsa za kupambana, ankangoti, "Lero wakhota kangati osaganiza za bondo?"

Tiyamike

Lusungu, nkhani yako yokha yakwanira phunziro lonse. Edward Deci ndi Richard Ryan, a pa yunivesite ya Rochester ku America, akhala akufufuza kuyambira zaka za m'ma 1970 chimene chimachititsa munthu kupitiriza chinthu popanda womukankha. Anapeza zinthu zitatu zimene mtima umafuna. Umafuna kumva kuti ukuchita mwa kufuna kwako ndipo mawu ako amamveka. Umafuna kuona kuti ukutha, kuti lero waposa dzulo. Umafunanso kudziwa kuti uli ndi anthu ako pamalopo. Kochi woyamba uja anakulanda ziwiri zoyambazo, mnzako wa pagolo anagwirizira chachitatu, ndipo chinakwanira kukusunga mpaka zinazo zitabwerera.

Pali kanthu kena kamene makochi ndi makolo sitikayembekezera. Mu 1973, Mark Lepper ndi anzake ku Stanford anatenga ana aang'ono amene ankakonda kujambula. Ena anawalonjeza satifiketi akajambula, ena sanawalonjeze kanthu. Patapita masiku, ana aja atasiyidwa kuti achite zimene akufuna, amene analonjezedwa mphoto aja ankajambula mochepa kuposa anzawo. Chinthu chimene ankachita chifukwa chochikonda chinasanduka ganyu. Mtsikana amene ankasewera chifukwa mpira ukumukoma, tikamudzaza ndi nkhani za chikho, mendulo ndi kusankhidwa, tsiku limene zimenezo zasowa amapeza kuti chifukwa chosewerera chatha.

Kochi Mabvuto

Mwana wanga Tiyamike, sukulu ndaimva, koma walira mvula walira matope. Mukufuna atsikana afike pamwamba, koma simukufuna akalipiridwe, simukufuna aikidwe pabenchi, simukufuna chikho chitchulidwe. Ndiye tizisewera chiyani? Amene amatenga mendulo za golide sanaleredwe ndi mawu okoma. Ndipo kunena kuti mtsikana sangapirire mawu olimba, kumeneko ndiye kumunyoza.

Tiyamike

Pomalizapo ndikugwirizana nanu kwathunthu, a Kochi. Mtsikana amapirira, ndipo ambiri amaufuna mpikisano ndi mtima wonse. Palibe akunena kuti training ifewe. Nkhani ndi yakuti kulimbako kukuyeza chiyani. Pali timu imene funso la tsiku lililonse ndi lakuti ndani waposa mnzake, wolakwitsa achite manyazi, kochi ali ndi okondedwa ake atatu. Pali ina imene funso ndi lakuti wawonjezera chiyani pa zimene unkatha, kulakwitsa ndi gawo la kuphunzira, ndipo aliyense ali ndi ntchito yake. Joan Duda, katswiri wa zamaganizo pa masewera, ndi ena afufuza mitundu iwiriyi kwa zaka zambiri, ndipo kawirikawiri mtundu wachiwiriwu ndi umene umayendera limodzi ndi kusangalala ndi kukhalitsa, pamene woyambawo umayendera limodzi ndi nkhawa. M'timu zonse ziwiri anthu amatuluka thukuta lofanana.

Mayi Nabanda

A Kochi, mwatchula a mendulo, ndiye tiyeni tiwatchule. Mary Cain anafika mu fainolo ya mamita 1500 pa mpikisano wa dziko lonse mu 2013 ali ndi zaka 17. Mu 2019 anafotokoza poyera kuti kochi wake ankamuumiriza kuti achepetse thupi, mpaka anakhala zaka zitatu osasamba ndipo anathyoka mafupa asanu. Zimenezi ife azachipatala timazidziwa: thupi likamalandira chakudya chochepa poyerekeza ndi ntchito imene likugwira, msambo umaima, mafupa amafooka, maganizo amasokonezeka. Mtsikana wothamanga akasiya kusamba si chizindikiro chakuti walimba, n'chizindikiro chakuti thupi likulira. Mwana ameneyo mtima wake anali nawo wochuluka, moti anamvera mpaka kudzipweteka.

Ndiye taonani Simone Biles, katswiri wa gymnastics wa ku America. Ku Tokyo mu 2021 anachoka pakati pa mpikisano chifukwa mutu ndi thupi zinasiya kumvana ali m'malere, zimene pa masewera ake zingathe kumupha munthu. Anthu anamunena kuti ndi wamantha. Anapuma, analandira thandizo la akatswiri a zamaganizo, ndipo ku Paris mu 2024, ali ndi zaka 27, anatenga golide zitatu ndi siliva imodzi. Akanakakamira tsiku lija mwina sitikanamuonanso.

Kochi Mabvuto

Ndakhala chete kanthawi chifukwa mwandikumbutsa chinthu. Zaka zapitazo ndinkayeza atsikana anga pasikelo Lolemba lililonse, onse ali pamzere, ndikutchula manambala mokweza. Ndinaziona kwa amene anandiphunzitsa ine. Panali mtsikana wina wamphamvu kwambiri pa kuponya, anangosowa pakati pa chaka. Ndinamulemba m'buku langa kuti alibe khama. Sindinaganizepo za sikelo ija mpaka lero. Ndinasiya kuyeza chifukwa sikelo inawonongeka, osati chifukwa ndinazindikira.

Komabe pa benchi sindisintha. Wosewera bwino ndi amene ayambe.

Lusungu

Benchi si vuto, a Kochi. Ingomuuzani munthu chifukwa chake, muli awiri, ndi chimene achite kuti atulukepo. Chopweteka ndi kukhala pamenepo miyezi itatu ngati sakukuona.

Bambo a Upile

Ine ndine kholo, mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 13 ndipo amasambira. Ndikuwerenga zonsezi ndikudziona ndekha. Tikamabwerera ku mpikisano ndimayamba pomwepo: unachedwa kunyamuka, unapuma kambiri, uja anakuposa chifukwa chakuti. Ndimachita chifukwa chomukonda. Koma mwezi watha anandipempha kuti tsiku la mpikisano azipita ndi amayi ake. Ndinakhumudwa, lero ndamvetsa.

Chinanso ndachiona pakhomo panga pomwe. Mchimwene wake akapambana ndimati ali ndi luso. Iye akapambana ndimati walimbikira. Akaluza mnyamata ndimati linali tsiku loipa, akaluza mtsikana ndimayamba kufunsa ngati kusambirako sikukumusokoneza sukulu. Sindinamuuzepo kuti asiye, koma ndikuganiza kuti amamva.

Tiyamike

Amamva ndithu, bambo. Jacquelynne Eccles anatsatira ana ndi makolo awo kwa zaka zambiri ku America, ndipo anapeza kuti zimene kholo limakhulupirira za luso la mwana zimalowa mwa mwanayo n'kukhala zimene iye amadzikhulupirira. Makolo ambiri ankaona ana aamuna kuti ndi aluso pa masewera kuposa aakazi, ndipo atsikana ankadziyesa otsika kuyambira ali aang'ono kwambiri, thupi lisanayambe n'komwe kusiyana ndi la anyamata. M'mera mpoyamba. Ndipo poti ali ndi zaka 13, musamutsekere pa kusambira kokha ngati akufuna kulawako zina. Mwana amene wadziwa masewera angapo, akatopa ndi amodzi amasamukira kwina m'malo mosiyiratu.

Mayi Nabanda

Maganizo amenewa sanagwe kumwamba, anachita kudzalidwa. Pa 26 December 1920, anthu pafupifupi 53,000 anadzaza bwalo la Goodison Park ku Liverpool kudzaonera mpira wa amayi. Chaka chotsatira bungwe la FA, loyendetsa mpira wamiyendo ku England, linaletsa amayi kusewera pa mabwalo a matimu ake, likunena kuti mpira si woyenera akazi, ndipo chiletsocho chinakhala zaka 50. Pa Olympics ya 1928 ku Amsterdam amayi anathamanga mamita 800, manyuzipepala analemba kuti anakomoka ndi kutopa, mpikisanowo n'kuchotsedwa mpaka 1960. Marathon ya amayi inalowa mu Olympics mu 1984. Ine ndinali nditabadwa kale, ndikuyenda. Agogo amene anauzidwa kuti kuthamanga kumawononga chiberekero anauza mwana wawo, mwanayo anauza wake, ndipo lero chiletso chinachoka pa pepala koma chinatsala m'mutu.

Amene amandilimbitsa mtima ine ndi Kathrine Switzer. Mu 1967 anathamanga marathon ya ku Boston atavala nambala 261, mkulu wina wa mpikisano anamuthamangira kuti amung'ambe nambalayo, iye anapitirira mpaka kumaliza. Koma chimene ndimachikonda si tsiku limenelo. Mu 2017, ali ndi zaka 70, anathamanganso mpikisano womwewo ndi nambala yomweyo. Zaka 50 ali m'nsapato.

Alinafe

Nanga ife amene tili ndi ana? Ine ndikafuna kutuluka kukathamanga mphindi 30 ndimamva ngati ndaba nthawi ya mwana. Bambo ake akapita ku mpira Loweruka lonse palibe amene amaona chachilendo, ngakhale ine amene.

Bambo a Upile

Koma zitsanzo zilipo, asisi. Faith Kipyegon wa ku Kenya anatenga golide wa mamita 1500 mu 2016, anabereka mu 2018, n'kudzatenganso golide ku Tokyo ndi ku Paris. Shelly-Ann Fraser-Pryce wa ku Jamaica anabereka mu 2017, mu 2019 n'kupambana mamita 100 pa mpikisano wa dziko lonse ku Doha.

Nachisale

Zoona bambo, ndipo ndimawaonera misozi ili m'maso. Anathetsa bodza lakuti ukabereka zako zatha. Koma ndinene chilungamo, si iwo amene anandibweza. Ndikamuona Kipyegon ndimati uyo ndi Kipyegon, ine ndine ine. Amene anandibweza ndi mayi wina wa kuntchito kwathu, wamkulu kuposa ine, wathupi kuposa ine, wa ana anayi. Ndinamuona m'mawa wina akuthamanga pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu, osasamala za aliyense. Ndinati ngati uyu akutha, ine chandigwira n'chiyani? Anandiitana, ndinapita ndi mantha, ndinathamanga mphindi ziwiri n'kuyenda zisanu. Sabata yotsatira zitatu. Panalibe wotchi ya mpikisano, panalibe wondiyang'ana. Tsiku lina, patatha miyezi ingapo, ndinazindikira kuti ndathamanga msewu wonse ndipo munthu wachiwiri uja, woima kunja n'kumandiyang'ana, sanabwere. Ndinaima pambali n'kulira.

Alinafe m'bale wanga, mlandu umene ukuumvawo ndinaumvanso. Sunathe chifukwa chakuti wina anandilangiza. Unatha pamene mwana wanga wamkazi anayamba kundiikira nsapato pakhomo madzulo, n'kumauza anzake kuti amayi ake amathamanga. Tsopano tilipo amayi asanu ndi mmodzi. Ukajomba foni imalira isanakwane 6 koloko.

Tiyamike

Albert Bandura, katswiri wa zamaganizo, ananena zimenezi mu 1977, kuti kudzidalira pa chinthu kumakula kwambiri ukachichita n'kuona kuti chatheka, ngakhale pang'ono, ndiponso ukaona munthu wofanana nawe akuchichita. Katswiri wa pa TV amatsegula maso, koma wokuyendetsa mapazi ndi amene ukumuona kuti ali ngati iwe. Madamu, mwina atsikana anu akufunika kuona a zaka 20 ndi 30 akusewera pa bwalo lomwelo.

Madamu Chikondi

Ndabweranso, papita masiku asanu. Ndinachita ziwiri.

Choyamba, ndinakhala pansi ndi 9 aja, ndinawapatsa timapepala kuti alembe osaika dzina chimene angasinthe. Asanu ndi awiri analemba za siketi, akufuna kabudula wakuda wamkati kapena kabudula yekha. Atatu analemba kuti anyamata amene amakhala pa mpanda nthawi ya training achoke. Ine ndinkawaona anyamatawo tsiku lililonse ndipo ndinkati ndi ochemerera. Mmodzi analemba kuti, "Tizisewerako nthawi zina osawerenga zigoli." Wina analemba kuti ndimatchula maina a anthu atatu okha.

Chachiwiri, ndinamupeza mtsikana wanga uja. Sindinamufunse chifukwa chimene anasiyira, ndinangomuuza mawu a mnzake wa Lusungu, kuti pakati pali pululu. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka analira. Akuti kuyambira pamene ndinamupatsa ukaputeni n'kumauza aliyense kuti iye ndiye chiyembekezo cha timu, usiku woti mawa kuli masewero sankagona. Akalakwitsa ankaona nkhope yanga ikugwa. Ndiye mnzake wapamtima, amene ankayenda naye pobwera ndi pobwerera, anasiya chaka chatha, ndipo panalibenso womuseketsa akalakwitsa. Ine ndinkaona ngati ndikumukweza, osadziwa kuti ndamusenzetsa mtolo.

Sanalonjeze kubwerera mu timu. Wavomera kubwera Lachisanu, tsiku limene tagwirizana kuti tizisewera osawerenga zigoli, ndipo wapempha kuti abwere ndi mnzake uja.

Kochi Mabvuto

Madamu, za timapepalazo munawafunsa funso lotani kwenikweni? Ndilembereni momwe munalinenera, ndikufuna ndikayese Lolemba.

Madamu Chikondi

Ndinangoti, "Mukanakhala inu Madamu, mukanasintha chiyani kuti muzibwera mosangalala?" Ndipo ndinatuluka panja kuti alembe ndisakuwaona.

Lusungu

Madamu, Lachisanulo musamupatse bibu ya C, ya wosewera pakati. Ikani mabibu onse pansi, aliyense atole yekha, iye atole yomwe akufuna ngakhale ikhale ya kumbuyo. Ndipo akafika musamulandire pamaso pa gulu, mungomuponyera mpira.